A Khukhi ndi Maungu a Abwana

Ntchito yanga panyumba ija inali kuchapa, kusita ndi kukolopa, ndipo tebulo langa lositira linali m'kakhonde ka pakati pa khitchini ndi chipinda chodyera. Amene anandiika pamenepo sanaganize bwino. Khutu lina linkamva za kukhitchini, lina za kutebulo, ndipo ine si munthu wodziwa kumeza mawu. Nkhani ya a Khukhi ndinaiona ndi maso angawa, choncho ndiisimba mmene ndinaionera. Wokwiya akwiye.

Aliyense ankangoti a Khukhi. Mlonda wa pageti, ogulitsa nyama kumsika, ngakhale akazi awo akapsa mtima ankati, "A Khukhi inu, mwaiwalanso ambulera." Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, dazi lowala ngati pansi pa poto watsopano. Epuloni yawo ankachapa okha n'kusitanso okha. Ine sankandilola ngakhale kuikhudza, ati ndimapsereza zingwe. Ndinapsereza kamodzi kokha, chaka changa choyamba, koma kwa a Khukhi mlandu suwola.

Anayamba ntchito akadali mnyamata, kutsuka mapoto pahotela ina. Kumeneko kunali mkulu wina wophika buledi amene anaona mmene iwo ankapenyetsetsera, ndipo tsiku lina anangowakankhira beseni la ufa n'kuti, "Kanda." Anakanda mpaka manja anazolowera. Panyumba ija anafika m'nthawi ya bambo awo a abwana, abwanawo ali kamwana ka zaka zisanu ndi zinayi, kokonda kunyambita mbale yosakaniziramo keke. Madala aja atamwalira, nyumba inatsala m'manja mwa mwana, ndipo a Khukhi anatsala nayo limodzi ngati kabati ya m'khitchini. Abwana anakwatira, ana anabadwa, anakula, anapita kusukulu zakutali, a Khukhi ali pompo. Zinakwana zaka makumi atatu ndi zinayi.

A Khukhi ndi akazi awo ankakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa mpanda wa maluwa. Ana awo atatu anabadwira momwemo, anakulira momwemo, kenako aliyense anakayamba moyo wake m'tizipinda ta kumene anapeza ntchito. Kwina kopita a Khukhi analibe. Kwawo anachokako kalekale, ndipo amene akanawazindikira kumeneko onse anagona. Ntchito ikanatha, nyumbanso ikanatha tsiku lomwelo. Izi aliyense ankazidziwa, koma palibe ankazitchula.

Khitchini inali dziko lawo. M'mawa uliwonse ankayamba ndi kunola mipeni itatu, kaya agwiritsa ntchito umodzi wokha. Akamaphika sankafuna munthu kumbuyo kwawo, ati mpweya wa munthu umagwetsa keke. Ngakhale adona, akazi a abwana, ankaima pakhomo n'kulankhulira pomwepo. Koma kuuma mtima analibe. Tsiku limene mwana wanga anagonekedwa m'chipatala, ndinapeza m'chikwama mwanga muli mabanzi anayi otentha, ndipo nditathokoza anandikalipira kuti ndisiye kuwanamizira.

Luso lawo lenileni linali pa ufa. Lachisanu lililonse fungo la buledi linkafika mpaka pageti, mlonda n'kuyamba kupeza zifukwa zodzera kukhitchini. Komabe chimene a Khukhi ankakhalira moyo sichinali buledi. Akaika chakudya patebulo, ankatuluka n'kuima kuseri kwa chitseko, pafupi ndi tebulo langa, manja kumbuyo, mutu utapendekeka. Ankadikira abwana alawe. Akangomva kuti, "Eee, a Khukhi, lero ndiye mwatipha," ankadutsa chifuwa chili patsogolo.

"Mwamva, achemwali?"

"Ndamva, achimwene. Makutu sindinawasiye kunyumba."

Munthu wamkulu wa imvi m'ndevu, kusangalala ngati mwana wakhoza mayeso. Ndinkawaseka, koma ndinkawakonderanso zomwezo.

Matenda a abwana ndinayamba kuwaona ndine, dokotala asanawaone. Wochapa amadziwa zambiri. Malaya ankabwera onyowa ndi thukuta ngakhale kukuzizira, ndipo lamba anasamukira pa bowo lina. Atapita kuchipatala anabwerako ndi mawu amodzi: shuga. Dokotala anawapatsa mapiritsi ndi kamakina kobaya chala, n'kuwauza kuti asiye zotsekemera, achepetsenso zokhutitsa. Zikanathera pomwepo. Koma adona ndi mayi woti akagwira chinthu sasiya mpaka chithyoke. Mtima wawo ndi wabwino, ndisawanamizire, kungoti amauonetsa ndi malamulo. Anakhala pafoni masiku atatu, ndipo Lolemba m'mawa analowa m'khitchini ndi pepala.

"Kuyambira lero m'nyumba muno tizidya paliyo," anatero.

"Chimenecho amagula kuti, mayi?" anafunsa a Khukhi.

"Si chogula, ndi kadyedwe. Tizidya mmene ankadyera anthu akalekale, asanayambe kulima. Nyama, nsomba, mazira, masamba, zipatso. Ufa ayi, mpunga ayi, nyemba ayi, mkaka ndi batala ayi. Shuga ndiye ndisamuonenso."

A Khukhi anawerenga pepala lija kawiri. Pamzere wa zoletsedwa panali moyo wawo wonse.

"Nanga pambali pa nyama tiziikapo chiyani, mayi? Mbale singapite ya nyama yokha."

"Maungu," anatero adona. "Aatali aja a khosi, kapena obulungira, alionse. Musavutike nawo. Aziphikidwa mophweka, popanda zambirimbiri."

Ine ndinafuna kufunsa ngati maungu a anthu osalimawo ankangogwa kumwamba, koma ndinadziluma lilime. A Khukhi anati, "Chabwino, mayi," nkhope itagwa ngati auzidwa za maliro.

Masana a tsiku lomwelo, tikumwa tiyi pamasitepe a kuseri, anandiuza chimene sanauzepo munthu panyumbapo.

"Achemwali, inu maungu mumawadziwa?"

"Ndani sawadziwa maungu?"

"Simuwadziwa. Amene ndimawadziwa ndine."

Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mbewu zonse kwawo zinakanika, maungu okha ndiwo anabereka. Miyezi isanu mayi awo ankawiritsa dzungu m'mawa, dzungu masana, dzungu madzulo, masiku ena popanda ndi mchere womwe. Zikhatho za mwana zinasanduka zachikasu. Kusukulu aphunzitsi poyendera manja pamzere anawabweza kuti akasambe, ndipo atabwerera anawabwezanso kachiwiri, anzawo onse akufa ndi phwete. Anakhula manja ndi mchenga mpaka kutuluka magazi, chikasu chili pompo.

"Ndinalumbira tsiku limenelo," anatero. "Chikulireni, dzungu silinadutse pakhosi panga pano. Ndiye lero ndinyamule chakudya cha njala pathireyi, ndikaike pamaso pa mwana amene ndamulera ndi makeke?"

"Ndi zimene afuna eni ake."

"Eni ake sadziwa."

Sabata yoyamba anaphika mmene ankadziwira: kusenda, kuduladula, kumiza m'madzi, kuwiritsa, kuphwanya ndi foloko. Munthu amene ankalawa chilichonse, mpaka madzi a tiyi, sanaike supuni pakamwa ngakhale kamodzi. Chimene chinkatuluka m'potomo chinali phala lamadzimadzi, lopanda fungo, lopanda nkhope. Adona ankameza molimba mtima poti lamulo linali lawo. Abwana ankadya nyama, maungu n'kuwakankhira m'mphepete mwa mbale. A Khukhi ankaima kuseri kwa chitseko monga mwa masiku onse, koma kuchokera kutebulo kunkangomveka mafoloko. Akadikira mpaka kutopa, ankadutsa osandiyang'ana.

"Mwana uja akufa ndi njala m'nyumba ya bambo ake," anandiuza tsiku lina akutaya zotsala m'mbale.

Sabata yachiwiri zinthu zinasintha mwadzidzidzi. Mbale zinayamba kubwera zoyera ngati zatsukidwa kale. Ndinamva abwana akufuula, "A Khukhi! Maungu awa mwawatani? Onjezerani!" Akafunsidwa chinsinsi, a Khukhi ankati ndi kasankhidwe kokha: dzungu labwino uligogode ndi chala, likhale lolemera, phesi lake louma. Adona anasangalala mpaka kuitana anzawo awiri kuti adzalawe. Amayi aja anajambula mbale ndi mafoni, mmodzi n'kunena kuti iyenso ayamba paliyo mawa lomwe.

Ine mtima sunakhale m'malo. Dzungu ndi dzungu, silisanduka keke chifukwa chogogodedwa. Tsiku lina ndinalowa m'khitchini osagogoda, kukatenga madzi otentha ochotsera banga pansalu ya patebulo, ndipo ndinawapeza atatembenukira kukhoma. Patsogolo pawo panali chitini chakale cha tiyi. M'kati mwake munali kachitini ka mkaka wotsekemera wokoka uja, kabatala kokulunga m'pepala, ndi shuga. Zonsezi ankabwera nazo kuchokera kunyumba kwawo m'thumba la epuloni. Ndinaona supuni ziwiri zodzaza za shuga zikulowa m'maungu, mkaka n'kutsatira.

"Achimwene, chimenecho n'chiyani?"

Anadzidzimuka mpaka supuni inagwa.

"Ndi pang'ono chabe, achemwali. Supuni ziwiri zingaphe munthu wamkulu ngati uja? Ndamudyetsa makeke zaka makumi atatu, anafa?"

"Mwina ndi makeke anuwo amene amufikitsa pamenepa."

Mawu amenewo ndimadandaula nawo mpaka lero. Ndinawaona akuwalowa ngati minga. Anatola supuni, kuitsuka, kuipukuta nthawi yaitali, kenako anati chapansipansi, "Angodya kaye, abwerere m'thupi. Ndisiya pang'onopang'ono. Chonde musandiphe."

Sindinanene. Ine wa pakamwa ine, pamene pakamwa panafunika ndinatseka. Ndinaganizira kanyumba kaja, ndinaganizira akazi awo ndi miyendo yawo yotupa, n'kubwerera ku simbi yanga. Nanenso ndili ndi mbali yanga pa mlandu umenewu.

Kusiya pang'onopang'ono kuja sikunachitike. Angasiye bwanji munthu akutamandidwa tsiku lililonse? Koma kamakina kaja sikadziwa kutamanda munthu. M'mawa uliwonse abwana ankabaya chala, adona ataima pambali, ndipo shuga anakana kutsika. Dokotala anawonjezera mapiritsi, n'kuchenjeza kuti zikapitirira ayamba jakisoni wa tsiku ndi tsiku. Ine ndinayamba kupeza kabanga pa sokosi ya kumanzere, pamalo amodzimodzi. Kanali kachilonda pachala chachikulu, kongoyamba ndi nsapato yothina, ndipo kankakana kupola.

Adona anayamba kufufuza. Poti m'khitchini sakanakayikiramo, diso lawo linagwera pa mwamuna. Anandiuza kuti ndizipisa m'matumba a mathalauza ndisanachape, ndiziwaonetsa chilichonse chimene ndapeza. Ndinkapeza zolembera ndi mipango basi. Iwo anakasanthula galimoto mpaka pansi pa mipando. Atasowa umboni, maganizo awo anapita kutali kuposa pamenepo. Anati ngati mwamuna sakudya zobisa m'galimoto, ndiye kuti pali nyumba ina kumene akukadya.

Zinaphulika Loweruka masana, sabata yachisanu ya shuga wa a Khukhi. Chakudya chinali patebulo, nkhuku yootcha ndi maungu aja, ndipo a Khukhi anali pamalo awo kuseri kwa chitseko.

"Mundiuze lero," anatero adona. "Akukudyetsani ndani?"

"Wayambanso? Ndakuuza, ndikudya zomwe ukudya iwe. Kuntchito ndimamwa madzi okha, anzanga mpaka akundiseka."

"Ndiye kamakina kakunama? Dokotala akunama? Ine ndasiya buledi, ndasiya tiyi wamkaka, ndikumeza maungu tsiku ndi tsiku chifukwa cha inu, inu n'kumakakhuta kwina. Akadzakudulani phazi limenelo, adzakusamalani ndi iyeyo?"

"Ndikulumbira pamanda a bambo anga, palibe munthu."

"Musawalowetsemo bambo anu. Ine mawa ndikupita kwa achemwali anga. Mutsale ndi wokuphikiraniyo."

Tinamva adona akulira, kulira kwenikweni kwa munthu wotopa. Ndinaimika simbi n'kuwayang'ana a Khukhi.

"Achimwene," ndinanong'ona, "mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Ndikalankhula ndipita kuti?" anayankha osandiyang'ana. "Msinkhu uno, ndi mayi aja odwala miyendo, ndipita kuti?"

Anaima pamenepo kanthawi, kenako anabwerera kukhitchini. Ndinati basi, athawa. Koma anatulukanso atanyamula thireyi ndi manja awiri. Chiyambireni ntchito, a Khukhi sanalowetsepo chinthu m'chipinda chodyera chili m'manja popanda thireyi, ngakhale mchere. Tsiku limenelonso anayala kansalu koyera pathireyi, n'kuikapo chitini cha tiyi chija chili chotsegula.

Anagogoda, analowa, ndipo chitseko anachisiya chosatseka.

"Mayi, wowadyetsa abwana ndine. Kulibe wina."

Anatulutsa zinthu zija chimodzichimodzi n'kumaziika patebulo. Ananena zonse, supuni ziwiri, mkaka, batala, osachepetsa kanthu. Ndinkayembekezera kuti adona akuwa mpaka denga ligwe, koma analankhula motsitsa, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri.

"Masabata angati?"

"Asanu, mayi."

"Masabata asanu ine ndikusanthula matumba a mwamuna wanga ngati wakuba. Inu mutaima apo, mukumva."

"Ndalakwa, mayi. Sankadya. Ndinalephera kupirira kuwaona asakudya."

Abwana anayang'ana kachitini ka mkaka kaja, kenako n'kuyang'ana a Khukhi, ndipo nkhope yawo inali ya mwana amene wanamizidwa ndi kholo.

"Vulani epuloni," anatero adona. "Pitani kunyumba kwanu. Tikuitanani."

Sabata imeneyo inali yaitali. Adona ankaphika okha, ndipo nyumba yonse inkanunkha zopserera. Kwa achemwali awo sanapite, koma ndinkawamva pafoni akufunsa anzawo ngati akudziwa wophika wodziwa za paliyo. Lachiwiri kunabwera mayi wina wachitsikana wokhala ndi mapepala a sukulu ya zophika, ndipo anamuyendetsa m'khitchini monse. Anagwirizana zoti akhoza kuyamba Lolemba. Ndinamva adona akumuuza kuti malo ogona alipo, kuseri. Abwana nawo ndinawaona kawiri ataima pa mpanda wa maluwa, akuyang'ana kanyumba kaja, koma phazi silinadutse. Mwamuna wanzeru amene wangopulumuka pa mlandu salowerera msanga mlandu wa wina.

Lachitatu nditaweruka ndinadzera kuseri kwa mpanda. Pakhonde ndinapeza makatoni asanu omanga ndi zingwe. Akazi awo a Khukhi anali atakhala pampando, miyendo ataisanjika pa chidebe.

"Pitani mukawaone anzanu," anatero. "Apenga. Chiyambire Lamlungu m'nyumba muno tikudya maungu okhaokha. Zaka makumi anayi ndakhala nawo, ndikagula dzungu ankatuluka m'nyumba. Lero ndi amene akundikakamiza."

Ndinawapeza kuseri atakhala pa kampando, pafupi ndi mbaula. Popanda epuloni ankaoneka ochepa thupi, okalamba. Pambaulapo anaikapo poto wamkulu wachitsulo, makala ena pansi, ena pamwamba pa chivundikiro, kuti akhale ngati uvuni. Pambali panali mbale zinayi, iliyonse ndi maungu ophikidwa mosiyana. Ndipo ankatafuna.

"Khalani, achemwali. Lawani awa."

Zinali zidutswa zazikulu ngati chala chamanthu, zofiirira m'mbali, zofewa m'kati.

"Mulibe shuga?"

"Mafuta pang'ono, mchere, adyo wosasenda, basi. Moto ukhale waukali, ndipo zidutswa zisagundane, chifukwa zikagundana zimatuluka thukuta n'kusanduka phala. Zikapsa mufinyirepo ndimu. Awa ndathira tsabola, awa ndawaza nthanga zake zomwe, zokazinga." Ankalankhula mofulumira ngati akuopa kuti ndichoka. "Kutsekemera kuli momwemo m'dzungumo, achemwali. Moto ndi umene umakutulutsa, madzi amakumiza. Zaka zonsezi ndinkalinyoza dzungu, osadziwa kuti ndine amene sindidziwa kuliphika." Anatafuna chidutswa china. "Mayi anga analibe mafuta. Analibe kanthu. Anatipulumutsa ana asanu ndi chinthu chimenechi, ine n'kumachita nacho manyazi."

Ndinayang'ana kumbali kuti apukute m'maso. Maunguwo ankakoma, zoona, koma ndisaname, sankafika pa aja a mkaka.

"Mukuvutikiranji?" ndinafunsa. "Wina uja akuyamba Lolemba."

"Ndamva. Ndiye mudzamuuze zimenezi. Asamawiritse. Mwana uja owiritsa sadya."

Mawu amenewo ndi amene anandiwawitsa mtima mpaka kundipsetsa. M'mawa mwake ndinawapeza adona akukhula poto wopserera, ndipo ndinalankhula ndisanaike n'komwe chikwama pansi. Ndinawauza kuti inenso ndinkadziwa kwa masabata atatu, ndipo ngati akuchotsa onama ayambe ndi ine. Ndinawauza za makatoni, za mbaula, za mbale zinayi. Ndinawauza kuti a Khukhi analakwa, kulakwa kwakukulu, koma sanagwidwe ndi munthu. Anabwera okha ndi thireyi, akudziwa bwino lomwe kuti pathireyipo pali nyumba yawo.

"Nanunso?" anatero adona. Madzi ankangotayikira m'sinki. "Mukudziwa kuti dokotala wati phazi lija tachita mwayi?"

"Ndikudziwa, mayi. Masokosi ndimachapa ndine."

Anatseka mpopi. "Aphike Loweruka masana. Ine ndikhala m'khitchini momuno, ndiziona chilichonse cholowa m'poto. Sindikulonjeza kanthu."

Loweruka a Khukhi anafika ndi epuloni yositidwa mpaka kuuma. Adona anakhala pa kampando pafupi ndi firiji, manja atapinda, ndipo a Khukhi anagwira ntchito yonse diso lili pamsana, osadandaula. Chilichonse ankayamba achionetsa: botolo la mafuta, mchere, adyo, ndimu. Anadula dzungu, kuyala zidutswa motalikirana, kuzilowetsa mu uvuni, ndipo zitapsa analawa chimodzi pamaso pa adona.

Ataika chakudya patebulo n'kutembenuka kuti atuluke, adona anati, "Imani pompano."

Ine ndinasiya kusita. Chitseko chinali chotsegula, ndipo ndinkaona zonse. Abwana anabaya chidutswa ndi foloko, kuchiyang'ana mbali zonse, kuchiika m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono. Anatenga chachiwiri.

"Sakuipa," anatero. "Koma aja ankakoma kuposa awa."

Zaka makumi atatu ndi zinayi a Khukhi sanamvepo mawu otere m'chipinda chimenecho, ndipo anawamva tsiku limene ntchito yawo inali m'mbale imeneyo.

"Ndikudziwa, bwana," anayankha. "Aja simudzawaonanso, kaya ndikhala pano kaya ndichoka. Bambo anu ndinawaperekeza ine kumanda. Inu ndi amene mudzandiperekeze ine, osati ine inu. Idyani awa."

Abwana anawerama n'kudya. Anadya zonse, mpaka adyo yemwe, osadzutsa mutu. Adona anayang'ana mbale ya mwamuna wawo, anayang'ana a Khukhi, kenako anakoka mbale yaikulu n'kudzigawira.

"Mawa muphikenso omwewa," anatero. "Lolemba muyese a nthanga amene ndamva aja."

A Khukhi anati, "Chabwino, mayi," anatola thireyi n'kutuluka. Anandidutsa, analowa m'khitchini, ndipo ndinamva atatsegula mpopi mwamphamvu ngakhale kunalibe choti atsuke. Ine ndinazimitsa simbi n'kuthamangira kuseri kwa mpanda, kukawauza akazi awo kuti amasule makatoni.